SIKELO YA MKAZI NDI MBEU YA MWAMUNA
Kuunika lamulo la kulemera kwa thupi pa chithandizo cha osabereka

Mau Oyamba

M'chaka cha 2013 boma la Scotland linaika malamulo ofanana m'dziko lonselo, onena za mabanja amene angalandire chithandizo cha IVF m'zipatala za boma popanda kulipira. IVF ndiyo njira ija yokumanitsira dzira la mkazi ndi mbeu ya mwamuna kunja kwa thupi, imene mwana wake woyamba, Louise Brown, anabadwira ku Oldham pa 25 July 1978. Pakati pa malamulowo panali ili: mkazi ayambe wakwera pa sikelo, ndipo nambala ya thupi lake, imene madokotala amaitcha BMI, ikhale yoposa 18.5 koma yosafika 30. Fodya analetsedwa kwa onse awiri, mwamuna ndi mkazi. Koma pa za kulemera kwa thupi, lamulolo linatchula mkazi yekha. Ku England nako, bungwe lolangiza zipatala lotchedwa NICE linanena m'chaka chomwecho kuti nkwabwino BMI ya mkazi ikhale pakati pa 19 ndi 30, ndipo zigawo zambiri zinasandutsa langizolo kukhala chitseko.

M'nkhani ino tifuna kuunika maganizo amene ali pansi pa lamulo limeneli. Tionetsa kuti lamuloli linayambira pa chinthu choona, koma linatengapo mfundo imene kafukufuku sanaitsimikize. Ndiponso kuti poyang'anitsitsa thupi la mkazi, linalola mwamuna kudutsa osafunsidwa. Tidzatsiriza ndi funso loti zimenezi zikutiphunzitsa chiyani ife amene timakhala pa milandu ya mabanja.

1. Nambala imene ikuweruza

BMI imapezeka potenga makilogalamu a munthu ndi kuwagawa ndi msinkhu wake m'mamita, utachulukitsidwa ndi msinkhu womwewo. Mayi wa msinkhu wa mamita 1.60 amene akulemera makilogalamu 76 ali ndi BMI ya 29.7, ndipo chitseko chimtsegukira. Mnzake wa msinkhu womwewo amene akulemera makilogalamu 77 wapyola 30, ndipo abwezedwa. Kusiyana kwao ndi paketi imodzi ya shuga.

Amene anayamba kuwerengera motere ndi Adolphe Quetelet wa ku Belgium, m'zaka za m'ma 1830. Iyeyu sanali sing'anga, koma katswiri wa masamu ndi nyenyezi, ndipo chimene ankafuna ndicho kudziwa maonekedwe a mtundu wonse wa anthu. Dzina loti BMI linafala ndi Ancel Keys mu 1972. Nambalayi sisiyanitsa mafuta ndi minofu, ndiponso sinena pamene mafutawo akhala, kaya ndi pamimba kapena m'chiuno. Mu January 2025 gulu la akatswiri limene linasonkhanitsidwa ndi magazini ya zachipatala ya The Lancet Diabetes & Endocrinology linalengeza kuti BMI payokha siyokwanira kuweruzira thanzi la munthu mmodzi. Tsono muyeso umene unapangidwira kuwerenga khamu ndiwo unapatsidwa mphamvu yogamula za banja limodzi.

2. Zimene lamuloli likunena zoona

Sitingakhale achilungamo tikabisa zoona zimene lamuloli laimapo. Mafuta a m'thupi si katundu wongonyamula ai. Amasintha mahomoni amene amayendetsa mwezi wa mkazi. Mwa amayi ena onenepa kwambiri dzira silikhwima mwezi ndi mwezi, ndipo kutaya makilogalamu ochepa chabe kumabwezeretsa msambo m'malo mwake. Kuonda kopyola muyeso nakonso kumaimitsa msambo. Mimba ikaima, kunenepa kwambiri kumachulukitsa ngozi ya kupita padera, matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi ndi kubereka mwa opaleshoni. Mu 2019 Nathalie Sermondade wa ku France ndi anzake anaphatikiza zofufuza zambiri, napeza kuti mwai wobereka mwana wamoyo kudzera mu IVF umachepa ndi magawo pafupifupi 15 pa 100 mwa amayi amene BMI yao yafika 30, powayerekeza ndi amayi a thupi lapakati.

Chinanso nchakuti ndalama za boma zili ndi malire, ndipo woyang'anira chuma cha onse ali ndi udindo wofunsa kumene ndalamazo zingapindule koposa. Zonsezi tikuzivomereza. Koma taonani pamene phazi linaterereka. Kunena kuti amayi onenepa amabereka mocheperapo ndi mfundo imodzi. Kunena kuti mayi wonenepa akayamba waonda adzabereka mosavuta ndi mfundo ina. Yachiwiriyi sichokera mwa yoyamba, monga momwe kuona kuti anthu a imvi amadwaladwala sikutanthauza kuti wodetsa tsitsi lake adzachira. Pofuna kudziwa ngati mfundo yachiwiriyi ili yoona, panafunika kuiyesa.

3. Mayeso atatu

Kuyesa koyamba kwakukulu kunachitika m'zipatala 23 za ku Netherlands, ndipo Meike Mutsaerts ndi anzake anasindikiza zotsatira zake mu New England Journal of Medicine mu 2016. Amayi 577 osabereka, a BMI ya 29 kapena kuposa, anagawidwa pawiri mwa maere. Gulu loyamba linatha miyezi isanu ndi umodzi likuphunzitsidwa kadyedwe ndi kulimbitsa thupi lisanayambe chithandizo. Gulu lachiwiri linayamba chithandizo nthawi yomweyo. Oyambawo anataya makilogalamu 4.4 pa munthu aliyense tikawerengera pamodzi, achiwiriwo 1.1. Patapita miyezi 24, amayi 27 mwa 100 alionse a gulu loyamba anali atabereka bwino mwana mmodzi wathanzi wokwana masiku. Koma m'gulu lachiwiri, limene silinadikire, anali 35. Ofufuzawo atawerengera ndi ana amene anabadwa nthawiyo itapyola, kusiyanako kunachepa, koma sikunatembenuke. Ndiponso mayi mmodzi mwa asanu alionse a gulu loyamba analekera panjira.

Wina akadati makilogalamu anai ngochepa. Yankho linachokera ku Sweden, Denmark ndi Iceland mu 2017, kumene Snorri Einarsson ndi anzake anatenga amayi 317. Theka la iwo linakhala masabata 12 likungomwa zakudya zamadzimadzi zopatsa mphamvu pang'ono, ndipo linataya makilogalamu oposa 9. Komabe amene anabereka mwana wamoyo anali 29.6 pa 100, pamene mwa anzao amene anapita ku IVF osayamba aonda anali 27.5. Kusiyana kotere akatswiri a chiwerengero amati kungathe kungochitika mwamwai.

Kuyesa kwachitatu kunachitika ku United States motsogozedwa ndi Richard Legro, ndipo kunasindikizidwa mu 2022. Mwa amayi 379, ena anachepetsa zakudya, namwa mankhwala oondetsa, nalimbitsa thupi kwa masabata 16. Ena anangolimbitsa thupi. Oyambawo anaondadi, ndipo thanzi lao lonse linakhala bwinopo. Koma obereka mwana wathanzi anali 12 pa 100, pamene mwa enawo anali 15.

Mboni zitatu za m'maiko osiyana zanena chimodzimodzi: kuonda musanayambe chithandizo sikunachulukitse ana obadwa. Chifukwa chimodzi nchosavuta kuchimvetsa. Sikelo imabwerera m'mbuyo, koma zaka sizibwerera. Mazira a mkazi amachepa ndi kufooka pamene akukula, makamaka akapyola zaka 35. Mayi wa zaka 37 amene auzidwa kuti apite akataye makilogalamu 15, ndipo abwerako patatha zaka ziwiri, wapindula pang'ono ndi kutaya zambiri. Nchifukwa chake bungwe la madokotala a za kubereka ku America, la ASRM, linanena mu 2021 kuti kunenepa pakokha kusakhale chifukwa chomanira munthu chithandizo.

Komabe m'mayeso omwewa muli chinthu chimene sichiyenera kutidutsa. Ku Netherlands, amayi 26 pa 100 a gulu losintha kadyedwe anaima mwachibadwa, popanda dokotala kuchitapo kanthu, pamene m'gulu linalo anali 16. Ku maiko a kumpoto aja, ana obadwa mwa njira yachibadwa anali pafupifupi 10 pa 100 mwa oonda, ndi osakwana 3 pa 100 mwa enawo. Kotero kusamala thupi kuli ndi phindu lake lenileni. Ndi uphungu wabwino umene unasandulika chigamulo choipa.

4. Mwamuna amene sanaitanidwe

Tsopano tifike pa chilema chachikulu cha lamuloli. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse, la WHO, linanena mu 2023 kuti munthu mmodzi mwa asanu ndi mmodzi alionse amakumana ndi vuto la kusabereka pa moyo wake. Madokotala amagwirizana kuti pafupifupi pa theka la mabanja otere, vuto lili mwa mwamuna, kaya yekha kapena pamodzi ndi mkazi wake. Ndipo mwamuna angathe kukhala wamphamvu m'nyumba monga mwa masiku onse, mbeu yake ili yochepa, yosayenda, kapena palibiretu. Maso sangaone zimenezi. Chimaona ndi makina oonera tizinthu ting'onoting'ono. Buku la WHO la mu 2021 linaika malire a m'munsi pa mbeu 16 miliyoni pa mililita imodzi, ndi kuti mbeu 30 mwa 100 zikhale zoyenda molunjika kutsogolo.

Kunenepa sikusankha mkazi. Mafuta a mwamuna amasandutsa gawo la mahomoni ake achimuna kukhala achikazi, ndiponso amatenthetsa ziwalo zopanga mbeu, zimene zimafuna kuzizirirako kuposa thupi lonse. Sermondade yemwe uja anasonyeza mu 2013 kuti amuna onenepa kwambiri amapezeka kawirikawiri ndi mbeu yochepa kapena opanda mbeu konse. Malangizo a NICE a chaka chomwecho anavomereza kuti mwamuna wa BMI ya 30 ayenera kuuzidwa kuti mphamvu yake yobereka ingachepe. Fodya ndi mowa wambiri nazo zimaononga mbeu. Ndipo pakuti mbeu imatenga masiku pafupifupi 74 kuti ipangike, zimene mwamuna achita lero zimaoneka patapita miyezi itatu. Sitikunena kuti mwamuna nayenso atsekeredwe kunja chifukwa cha sikelo, pakuti kumeneko kukadakhala kuchulukitsa cholakwa kawiri. Tikunena kuti lamulo limene limayeza mmodzi pa nkhani ya anthu awiri layamba lagamula kale amene ali wolakwa.

Mu 2017 Hagai Levine wa ku Jerusalem, Shanna Swan wa ku New York ndi anzao anaphatikiza zofufuza 185, nalengeza kuti pakati pa 1973 ndi 2011 kuchuluka kwa mbeu mwa amuna a ku North America, Ulaya, Australia ndi New Zealand kunatsika kuchoka pa 99 miliyoni kufika pa 47 miliyoni pa mililita. Swan anafalitsa nkhaniyi m'buku lake la mu 2021 lotchedwa Count Down, m'mene akuloza chala mankhwala a m'mapulasitiki pamodzi ndi makhalidwe a masiku ano. Akatswiri ena anatsutsa mawerengedwewo, ndipo tiyenera kuona kuti 47 miliyoni ili pamwamba ndithu pa malire aja a 16 miliyoni. Mantha oti mtundu wa anthu ukutha sitikuwalandira. Koma ntchito yao inachita chinthu chimodzi chabwino: inatembenuzira maso a anthu kwa mwamuna.

Chodabwitsa nchakuti ngakhale vuto likapezeka mwa mwamuna, mtolo umagwerabe mkazi. Mu 1992 Gianpiero Palermo ndi anzake ku Brussels analengeza njira yotchedwa ICSI, yobayira mbeu imodzi m'kati mwa dzira. Njirayi inapangidwira amuna a mbeu yofooka. Koma wobayidwa jekeseni masiku ambiri ndi mkazi. Wochotsedwa mazira ndi singano ndi mkazi. Ndipo woyamba kukwera pa sikelo kuti aloledwe kulandira mankhwala a matenda a mwamuna wake ndi mkazi yemweyo. Mwamunayo sanachiritsidwe, angomlambalala.

5. Kodi Eklezia zikumkhudza bwanji?

Wowerenga wina adzati: Eklezia salola IVF, nanga tikuvutikiranji ndi amene aloledwa kapena kukanizidwa pa khomo limene ife sitilowapo? Nzoona kuti chikalata cha Donum Vitae, chimene Kardinala Joseph Ratzinger anasaina mu 1987, chinakana IVF ngakhale pakati pa mwamuna ndi mkazi wake, pakuti imalowa m'malo mwa mgwirizano wa m'banja ndiponso imataya miyoyo yongoyamba kumene. Chikalata cha Dignitas Personae cha mu 2008 chinakananso ICSI. Nkhani ino siikufewetsa chiphunzitso chimenecho mpang'ono pomwe.

Koma tiyankhe zinthu zitatu. Choyamba, zikalata zomwezo zimayamikira chithandizo chimene chimachiritsa thupi kuti banja libereke mwa njira yake, monga mankhwala a mahomoni ndi kutsegula njira za mazira zimene zatsekeka. Ambiri mwa amayi a ku Netherlands aja ankalandira mankhwala okhwimitsa dzira, osati IVF. Kotero funso loti mkazi adikire kapena ayambe chithandizo likukhudza njira zimene ife timazivomereza.

Chachiwiri, tisathamangire kusekerera ndi mfundo ija yoti oonda anaima mwachibadwa, ngati kuti sayansi yatiwinitsa mlandu. Amayi ambiri m'mayesowo anaonda, koma mwana osamuona. Wansembe amene auza mayi kuti angochepetsa nsima ndi kupemphera, osamtumiza kukapimidwa, wachita chimodzimodzi ndi lamulo la ku Scotland: wamdyera zaka.

Chachitatu, Eklezia ali ndi chuma chimene lamulo la sikelo lilibe. Msonkhano Wachiwiri wa Vatikani, mu Gaudium et Spes, ndime 50, unaphunzitsa kuti ukwati umakhalabe ukwati wathunthu ndi wosamasulika ngakhale mwana asaoneke. Kanoni 1084 amasiyanitsa kulephera kukhala malo amodzi, kumene kumaletsa ukwati, ndi kusabereka, kumene sikuuletsa kapena kuupha. Katekisimu, pa ndime 2378, imati mwana ndi mphatso, osati ngongole imene wina ayenera kubweza. Ngati mwana ali mphatso, ndiye kuti kusowa kwake si mlandu. Ndipo ngati si mlandu, palibe chifukwa chofunira wopalamula.

M'maulaliki athu timakonda kutchula Sara, Rebeka, Rakele, Hana ndi Elizabeti, ndipo akhristu amatuluka m'tchalitchi akuganiza kuti kusabereka ndi mtanda wa akazi okha. Koma buku la Deuteronomo, mutu 7 ndime 14, polonjeza madalitso kwa Israele, limatchula mwamuna wosabereka pamodzi ndi mkazi wosabereka. Ndime imeneyi siimveka kawirikawiri pa guwa.

6. Kwathu kuno

Lamulo la sikelo ndi la maiko akutali, koma maganizo ake ndi a m'mudzi mwathu. Kwathu mkazi akanenepa chikwatiwire timati mwamuna akumsamala bwino. Koma zikapita zaka zitatu kumbuyo kulibe kanthu, kunenepa komweko kumasanduka umboni womtsutsa, ndipo apongozi amayamba kunong'ona kuti mafuta anatseka njira. Akakhala woonda, amati ali ndi nthenda yobisika. Thupi lake limawerengedwa ngati kalata ndi aliyense wodutsa, pamene la mwamuna palibe amene amalitsegula.

Komatu makolo athu ankadziwa kuti mwamuna naye angakhale wouma. Mau oti gojo sanachokere kunja. Mwambo wa fisi, wolowetsa mwamuna wina usiku kuti banja lipeze mwana, umene Eklezia amaukana pa zifukwa zomveka, ndi umboni wakuti akulu ankazindikira kumene kuli vuto. Koma taonani mmene ankalithetsera: manyazi a mwamuna ankakwiriridwa mumdima, ndipo mtengo wake unkalipidwa ndi thupi la mkazi. M'menemo fisi wa kumudzi ndi singano ya ku Brussels sizisiyana kwenikweni.

Chinenero chathu nachonso chimatinyenga. Timati mwamuna ndiye mwini mbeu, mkazi ndi munda. Mbeu ikapanda kumera, timada nthaka. Koma mkazi si munda chabe, pakuti dzira lake limapereka theka la zonse zimene mwana amatengera kwa makolo. Ndipo ngakhale titasunga fanizoli, mlimi wanzeru chimanga chikakana kumera amayamba wabwerera kunkhokwe kukaona ngati mbeu yake sinafumbwe.

Tiyenera kudziwanso kuti m'maiko athu a kumwera kwa Sahara, chimene chimatsekereza amayi ambiri si mafuta ai, koma zipsera za m'njira za mazira, zochokera ku matenda opatsirana pogonana, ku matenda obwera pambuyo pa uchembere kapena kupita padera, ndi ku likodzo. Ena mwa matendawa amalowa m'nyumba ndi mwamuna, ndipo amaononga iye yemwe. Zipsera zotere sizichoka ndi kusala kudya.

Mau Otsiriza

Tsono wansembe achitenji pamene ankhoswe afika ku ofesi ya parishi ndi mau akuti mkaziyu watilepheretsa mbumba? Funso lake loyamba likhale lakuti: kodi nonse awiri munapita kuchipatala? Kawirikawiri adzapeza kuti mkazi wayenda kwa asing'anga ndi madokotala kwa zaka, pamene mwamuna ankangodikira kunyumba kuti amve zimene anena. Akulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Kupima mbeu ya mwamuna nkosavuta ndi kotsika mtengo kuposa zambiri zimene mkazi amapimidwa, ndipo aphunzitsi a za makhalidwe achikhristu anafotokoza kale njira zotengera mbeuyo zimene siziphwanya ulemu wa ukwati. Ngati banja lakhala chaka chathunthu popanda pathupi, kapena miyezi isanu ndi umodzi mkazi atapyola zaka 35, nthawi yopita onse awiri yakwana.

Za kadyedwe ndi kulimbitsa thupi, wansembe azilimbikitse kwa onse awiri, pakuti amadya mbale imodzi, ndipo zichitike pamodzi ndi kupimidwa, osati m'malo mwake. Mwamuna akapezeka kuti ndiye ali ndi vuto, adzafuna munthu womusungira chinsinsi ndi womkumbutsa kuti ulemu wake pamaso pa Mulungu suwerengedwa m'mamiliyoni. Ndipo ngati zonse zachitika koma mwana osabwera, ntchito yathu ndiyo kuima pakati pa banjalo ndi achibale amene abwera ndi mkazi wachiwiri m'maganizo.

Inu amene mukadali m'seminale mudzakhala pa milandu yotere musanathe chaka chimodzi cha unsembe. Mkazi adzakhala pamphasa atazolika, ndipo aliyense m'chipindamo adzakhala atamuyeza kale ndi maso. Musayambe ndi iye. Tembenukirani kwa mwamuna, mumfunse mwaulemu tsiku limene ali wokonzeka kuperekeza mkazi wake kuchipatala, ndi kukapimidwa iye yemwe.